Mmene Phala la Elida Linandipititsira ku Blantyre

Ine si munthu woyendayenda. Ku Blantyre ndinali nditapitako kamodzi kokha, chaka chimene madokotala anandichotsa chithokomiro chimene chinatupa pakhosi panga mpaka kolala ya malaya kukana kumangika. Chichokereni kumeneko ndimamwa kapiritsi kamodzi koyera tsiku lililonse, kakang'ono ngati njere ya mapira. Anandiuza kuti kamagwira ntchito imene chithokomirocho chinkagwira m'thupi, ndipo ndidzamwa mpaka Ambuye adzandiitane. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri sindinadandaule. Ndinkalima, ndinkapalasa njinga, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaima kutsogolo kwa mpingo wathu ku Nkhulambe kuyambitsa nyimbo, ntchito imene ndinaiyamba ndisanakwatire.

Mkazi wanga anamwalira mu Febuluwale, chimanga chikumasula. Pofika Okutobala ndinali munthu wina. Thupi linalemera, nkhope inatupa, tulo tinkandigwira ngakhale pa ulaliki, ndipo pamene anthu ankadandaula kutentha ine ndinkafunda bulangete. Chowawa koposa, mawu anasasa. Ndikatsegula pakamwa kuti ndiyambitse nyimbo pankatuluka kulira kwa chule wa m'dambo, ndipo mpingo unkayamba wokha, aliyense pake.

Tsiku lina a Mulewa, mkulu wa mpingo, anabwera kunyumba nakhala pakhonde nthawi yaitali akuyamikira nandolo wanga. Kenako anati, "Achimwene, chisoni nachonso ndi matenda. Akulu akambirana. Tikudikirirani mpaka Khirisimasi. Mawu akapanda kubwerera, buku la nyimbo tidzapereke kwa wina." Sanalankhule mwankhanza, ndipo sanalakwe. Koma mkazi wanga atapita, chimene chinanditsalira chondidzutsa Lamulungu m'mawa chinali buku limenelo.

Dokotala wa pa chipatala cha mishoni, kumene ndimatenga mapiritsi, anandigwira mkono, nayang'ana khungu langa louma, nati ichi si chisoni chokha. "Mwina kapiritsi kamodzi kakuchepa tsopano. Koma sindingawonjezere mongoganiza. Akakuyezeni magazi, ndipo makina ake ali ku Blantyre." Analemba kalata. Elida, mwana wanga woyamba, amene nyumba yake ndi yoyang'anizana ndi yanga, anati munthu wogona ali chiimire sangayende yekha. Anasiya ana kwa mng'ono wake namanga katundu.

Tinapangana kunyamuka kukuyera kumene. Akabaza awiri anafika pa nthawi yake, akuliza mabelu. Elida anatuluka ndi mthiko m'manja.

"Mudikire. Ababa sanamwe phala."

"Mayi, galimoto zoyamba zitisiya pa Boma," anatero wakabaza mmodzi.

"Zitisiye. Mankhwala pamimba popanda kanthu, mukufuna akakomoke panjira?"

Panalibe amene anatsutsa, chifukwa ndi zimene tonse kwathu timadziwa kuyambira ubwana: mankhwala samwa ndi njala. Chichitikireni maliro, Elida ankandiphikira phala la soya m'mawa uliwonse, lolimba, lothira mkaka ukapezeka, kuti ndibwerere mphamvu. Kapiritsi ankakaika pa supuni yoyamba, naima pomwepo mpaka ndimeze. Tsikulonso zinatero, akabaza akuyasamula panja.

Njira ya ku Boma, ku Phalombe, imadzera pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi. Wakabaza wanga anali bambo wamfupi wa misongolo ngati mitsi. Titangoyamba chitunda anapumira m'mwamba.

"Madala, dzulo ndinanyamula matumba awiri a makaka. Anali opepuka."

"Pepani. Si kale ndinali wochepa."

"Ndiye mukanabwera kaleko."

Tinatsika. Ndinalipira kukwera njinga, koma theka la njira ine ndi njingayo tinayenda wapansi, phewa ndi phewa ngati apachibale. Potsetsereka anandikweza, ndipo mabuleki ake anali chidendene cha patapata. Ndinapemphera njira yonse maso ali otseka, osati chifukwa cha kudzipereka ayi.

Pa Boma galimoto zoyamba zinali zitapitadi. Panatsala matola amodzi, kagalimoto kotsegula kumbuyo, kakale, chitseko chomanga ndi waya. Dalaivala anati tikunyamuka pompano. Pompano ameneyu anatenga maola awiri. Inali nyengo ya nandolo, ndipo aliyense wopita ku Limbe anali ndi matumba. Tinakwera, galimoto inayenda mpaka kumsika, inakweza matumba, inabwerera pamene tinakwerera. Inapitanso kuchigayo, inakweza mbuzi, inabwereranso. Ulendo wachitatu munthu wogulitsa nzimbe pasiteji anatibayibitsa nati, "Mwayenda bwanji ku Blantyre?"

Anandikhazika pa thumba la nandolo pafupi ndi mutu wa galimoto. Moyang'anizana nane panakhala mayi wamkulu thupi, mwini matumba ambiri mwa amenewo, amene anatiuza yekha kuti ndi mayi Namalowa a ku Migowi. Anandiyang'ana kuyambira ku chipewa cha ubweya mpaka ku jekete lomanga mabatani onse. Iwo ankadzikupiza ndi chivundikiro cha poto.

"Bambo, mukupita ku Blantyre kapena ku Mangalande?"

Anthu anaseka. Elida anafotokoza mwachidule za chithokomiro, za kapiritsi ndi za maliro.

"Aaa, matenda amenewo ndimawadziwa," anatero mayi Namalowa. "Dzina lake ndi kugona wekha. Mankhwala ake sali ku chipatala. Ndili ndi mng'ono wanga, wamasiye, wolima, mano onse alipo."

"Chaka sichinathe," anayankha Elida, mawu ali ozizira kuposa ine.

"Sindikuti lero, mwanawe. Ndikungoika chikhomo pamunda."

Panalinso mphunzitsi wochokera ku Rumphi, wovala tayi pa fumbi lonselo, amene anakumbatira chikwama chake ngati khanda. Iye anati nkhaniyo ndi yophweka. "Kamodzi kakalephera, imwani tiwiri. Mukanasunga ndalama ya ulendo." Ndinangomwetulira. Sindinamuuze kuti m'mawa wina ndinathiradi tiwiri m'dzanja, ndi kutiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndi kubwezera kamodzi m'botolo. Sikunali kuchenjera. Ndinangoopa kuti tindithera mwezi usanathe.

Msewu wa ku Chitakale masiku amenewo unali wafumbi, wokhala ndi timizere togwedeza mano. Tinadutsa miyala ikuluikulu imene napolo anagubuduza kuchokera kuphiri, ili phee m'minda ya anthu ngati ng'ombe zogona. Fumbi linatipaka tonse mtundu umodzi, mpaka tayi wa aphunzitsi. Ine ndinkagona ndi kudzuka, ndipo ndikadzuka ndinkapeza mbuzi ikutafuna mpendero wa jekete langa.

Tisanafike pa Likhubula tayala linaphulika. Tinatsika tonse, ndi matumba omwe, kuti jeke akweze galimoto. Dalaivala anatulutsa tayala lapadera, naligwetsa pansi, ndipo silinadumphe. Analiyang'ana ngati lamunamiza.

"Dzulo linali ndi mpweya," anatero.

"Dzulo inenso ndinali namwali," anatero mayi Namalowa.

Dalaivala anabwereka njinga pamudzi wapafupi, namanga matayala onse awiri pakaliyala, nalowera kokamatitsa. Ife tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Wina anatulutsa chinangwa chophika, wina kalongonda, aphunzitsi anatulutsa buledi nadya theka asanakumbuke kugawa. Ola linatha, lachiwiri linayamba. Ndipo amayi awiri amene ankapita ku chinkhoswe anayamba nyimbo ya kutchalitchi kuti nthawi ipite. Anaiyambira pansi kwambiri, kotero kuti pofika pakati inamira. Anayambanso, inamiranso pamalo omwewo.

Chizolowezi cha zaka makumi atatu sichifunsa chilolezo. Ndinangopezeka ndakweza dzanja, ndakoka mpweya, ndatsegula pakamwa kuti ndiwapatse poyambira. Panatuluka chule uja. Kenako mbuzi, imene inamangidwa ku galimoto, inandiyankha ndi mawu okwera bwino, pamalo enieni pamene nyimboyo imayambira.

Anthu anagwa nacho chiseko. Aphunzitsi anatsamwa ndi buledi. Inenso ndinaseka, chifukwa zinalidi zoseketsa, koma dzanja lija ndinalibweza msanga m'thumba la jekete. Elida sanaseke. Anawauza mayi Namalowa motsitsa mawu za buku la nyimbo ndi za Khirisimasi. Mayiwo anasiya kudzikupiza.

"Pepani bambo, sindimadziwa. Pakamwa pangapa palibe mabuleki." Anatembenukira kwa Elida. "Koma mukuwadyetsa? Mankhwala a azungu amafuna chakudya."

Elida anamasula mpango naonetsa kathumba ka ufa wa soya kamene ananyamula kuti phala lisadumphe tsiku ngakhale ku tauni. Anafotokoza mmene amakazingira soya, mmene amamupetera, ndi za supuni yoyamba ija. Mayi Namalowa anatsina ufawo, nanunkhiza, nalawa.

"Uyu ndiye mwana! Anga akanakupatsani piritsi ndi madzi okha ngati wandende. Bambo, mukachira, muziyamika phala limeneli."

Onse pansi pa mango anavomereza, ndipo nkhope ya Elida inawala koyamba tsiku limenelo.

Pa Chitakale tinafika dzuwa litapendeka. Apa tinasiyana ndi matola, ndipo mayi Namalowa anatsala akukangana ndi dalaivala wa lole yoti inyamule matumba awo. Anandikuwira ndili patali: "Mukaimba bwino mudzatumize uthenga ku Migowi! Mng'ono wanga amakonda nyimbo!" Elida anandikoka mkono.

Minibasi ya ku Limbe inali itatsala anthu awiri okha kuti idzaze, ndipo tinathokoza Mulungu. Titangokhala ndi kulipira, amuna anayi anatsika mmodzimmodzi, wina akudziwongola, napita kukakhala mu minibasi ina yopanda anthu. Elida anafunsa kondakitala kuti anthuwo akupita kuti.

"Afika, mayi."

"Afika bwanji galimoto isanayende?"

"Ntchito yawo ndi kukhala. Akhala."

Tinadikira anthu anayi enieni. Ndinaganiza kuti ntchito imeneyo ikanandiyenera miyezi imeneyo, chifukwa kukhala ndi kusinza ndinkakutha kuposa aliyense m'boma la Phalombe.

Msewu wa tala utayamba, tulo tinandimaliza. Minda ya tiyi ndinaiona pang'ono, pa Nkando ndinangomva fungo la chinanazi. Pa chipata cha apolisi anatsitsa onse kuti aone katundu, ine ndinatsala ndekha pampando, chipewa chili kumaso. Ndinadzuka wapolisi akundigwedeza phewa.

"Mayi, akuluwa ali moyo?"

"Ndi zimene tikukafunsa ku chipatala, bwana," anatero Elida.

Wapolisiyo anaseka natiuza tipite. Ku Limbe tinafika magetsi akuyamba kuyaka, ndipo tinagona kwa mphwanga ku Bangwe.

Za ku chipatala chachikulu sindinena zambiri. Ndi mabenchi, makhonde aatali, ndi anthu okulozera khomo limene wachokera. Ananditenga magazi tsiku lotsatira nati zotsatira tibwerere Lachisanu. Masiku atatu amenewo ndinakhala padzuwa pakhomo pa mphwanga, ana a m'tauni akudabwa jekete, ndipo m'mawa uliwonse Elida ankayatsa mbaula ndi kuphika phala.

Lachisanu tinalowa kwa dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, msinkhu wa Elida. Anawerenga pepala, nagwedeza mutu.

"Bambo, magazi akuonetsa kuti thupi lanu silikulandira mankhwala okwanira. Kuzizidwa, tulo, kutupa, mawu, zonsezo n'chimodzi. Tiwonjezera pang'ono, kenako tidzayezenso."

Anayamba kulemba. Ali mkati molemba anafunsa, osadzutsa mutu, ngati ndimadumphitsa masiku.

"Ngakhale limodzi, adokotala," anayankha Elida. "Ndimawapatsa ndekha. Ndipo sindinawamwetsepo ndi njala. Ndimaika pa supuni ya phala la soya, la mkaka."

Cholembera chinaima.

"Pa supuni ya phala?"

"Yoyamba."

"Kuyambira liti?"

"Chimwalirireni amayi."

Dokotala anavula magalasi natembenukira kwa ine. "Nanga amayiwo ali moyo, munkamwa bwanji?"

Ndinayenera kuganiza, chifukwa zinthu za tsiku ndi tsiku munthu saziona. Ndinati mkazi wanga ankadzuka tambala wachiwiri, n'kundigwedeza, n'kundipatsa kapiritsi ndi kapu ya madzi. Tikatero tinkapemphera. Kenako iye ankasesa pabwalo, kupita kumjigo, kubwera kudzakoleza moto, ndipo tiyi ankafika dzuwa litagunda kale nsonga ya phiri. Ndinawonjezera, kuti ndinene zoona zonse, kuti pa nkhani ya tiyi malemuwo anali wochedwa, koma sindinamudzudzulepo.

Dokotala anayamba kumwetulira. "Tsiku limene anakuchitani opaleshoni, malangizo a mankhwala anauza ndani?"

Ndinakumbuka. Ndinali gone, khosi lomangidwa, osatha kulankhula. Mzungu wamtali anaima ndi mkazi wanga pakhomo la wodi, namwino akumasulira, iye akuvomera ndi mutu, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Amayiwo sankachedwa," anatero dokotala. "Ankawerenga nthawi. Mankhwala ambiri amafunadi chakudya, mwana wanuyu sanalakwe kuganiza choncho. Koma awa ndi osiyana. Amafuna m'mimba mopanda kanthu, madzi okha, ndipo chakudya chidikire ngati ola. Akakumana ndi phala, makamaka la soya ndi mkaka, ambiri amangodutsa osalowa m'magazi."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkamukhululukira mkazi wanga tsiku lililonse pa cholakwa chimene analibe, ndipo ndinkadziona ngati mwamuna woleza mtima.

Elida anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndine ndawadwalitsa ababa?"

"Iwe unandidyetsa," ndinatero. "Amayi ako anapita ndi malangizo osatisiyira, ndipo ine amene ndinkameza sindinafunsepo. Tikamagawana mlandu, gawo lako ndi laling'ono kuposa kapiritsiko."

Analira pang'ono, akupukuta ndi nsonga ya chitenje. Dokotala anakhwatcha zimene analemba zija.

"Sindiwonjezeranso. Ndikawonjezera, inu n'kusinthanso kamwedwe, mankhwala achuluka: mtima uzithamanga, manja azinjenjemera, tulo tizisowa. Tisinthe chinthu chimodzi, tione. Kapiritsi komweko, madzi okha. Musawonjezere nokha, ngakhale wina akuuzeni chotani."

"Aphunzitsi a ku Rumphi," anatero Elida, akuseka m'misozi.

"Ndipo musayembekezere kusintha mawa. Thupi limamva pang'onopang'ono. Mubwere pakatha miyezi iwiri tidzayezenso."

Ndinawerenga pa zala. Miyezi iwiri inkathera pakhomo pa Khirisimasi.

"Nanga phala?" anafunsa Elida.

"Phala lisaleke. Lingophunzira kudikira."

Pobwerera tayala silinaphulike, ndipo palibe chonena. Kunyumba tilibe wotchi, choncho tinabwerera ku wotchi ya malemu. Tambala wachiwiri akalira, Elida ankagogoda ndi kapu ya madzi. Tinkapemphera, iye n'kusesa, n'kupita kumjigo. Masiku oyamba ankasesa mothamanga, akuyang'ana kwa ine ngati ndigwa ndi njala. Sabata ziwiri zinatha popanda kanthu, ndipo a Mulewa akandifunsa ndinkangoti tikudikira. Sabata yachinayi ndinaiwala chipewa kumunda osazindikira. Mvula yoyamba itagwa ndinadzala ndekha mizere yonse ya kuseri kwa nyumba. Mawu ndiwo anachedwa. Ndinkawayesa kumunda, kumene kulibe mbuzi.

Pakati pa Disembala tinapitanso ku Blantyre, m'matope, ndipo wakabaza uja anati ndatsala thumba limodzi ndi theka. Dokotala anaona magazi, nati ali pamalo pake. Sanawonjezere ngakhale kachidutswa.

Tsiku la Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Mlaliki atatchula nyimbo yoyamba, a Mulewa anandiyang'ana, buku lili m'manja mwawo, osadziwa kuti alipereke kapena alisunge. Ndinaimirira n'kulitenga. Ndinakweza dzanja, ndinakoka mpweya, ndipo chifukwa cha mantha kuti chule angabwerere, ndinaponya mawu ndi mphamvu zanga zonse. Anatuluka oyera, koma ndinayambira pamwamba kwambiri. Amuna anagonja pa mzere wachiwiri. Amayi anakwera nane akutukula makosi ngati nkhuku zakumwa madzi, Elida ali patsogolo, mpaka tinaimaliza, aliyense thukuta lili kamukamu.

Nditakhala pansi, a Mulewa anasendera pafupi, akupukuta nkhope ndi mpango.

"Achimwene," ananong'ona, "bukulo sungani. Koma mukapitanso ku Blantyre, mukawauze achepetseko pang'ono."